Kope lilibe kanthu: kodi mwana wa Sitandade 1 akuphunziradi?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mpondasi, kuno ku Mangochi, amene mwana wawo wamwamuna wa zaka 6 anayamba Sitandade 1 m'mwezi wa Seputembala pa sukulu ya boma yapafupi ndi kwawo. Iwo akudandaula kuti ngakhale papita milungu isanu ndi iwiri, m'kope la mwanayo muli mizere yokhotakhota, tozungulirazungulira ndi malembo owerengeka okha, ndipo akamufunsa zimene wachita kusukulu amangoyankha kuti, "Tinasesa, tinaimba, tinamwa phala, kenako tinaweruka." Chimene chawapweteka mtima kwambiri n'chakuti mwana wa alamu awo, amene ali pa sukulu yolipira, amabwera ndi masamba odzaza ndi mawu a Chingelezi. Afotokozanso kuti pakhomo pawo amalankhula Chiyao, ndipo masana mwanayo amapita ku madrasa. Akufunsa ngati mwanayu akuphunziradi, ngati ayenera kumusamutsa, kapena kumupezera mphunzitsi wapadera wa madzulo.

Mayi, ine ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa zaka zambiri m'boma lino, kumtunda cha ku Namwera komanso m'mphepete mwa nyanja, ndipo pempho langa loyamba ndi lakuti musafulumire kumusamutsa. Mwana wa msinkhu umenewu amayamba kuphunzira ndi khutu, pakamwa ndi zala, kope limabwera pambuyo, moti zinthu zimene mwana wanu wakutchulirani ndi gawo lenileni la maphunziro ake. Ndikuyendetseni m'tsiku lake kuyambira mamawa kuti muone nokha zimene zimachitika.

Mwana wa zaka 6 amafika pasukulu asakudziwa kuima pamzere, kudikira kuti mnzake amalize kulankhula, kupempha chilolezo akafuna kupita kuchimbudzi, kapena kusunga pensulo imodzi kuti aipezenso mawa. Amene anadutsa ku mkombaphala amakhala atazolowerako pang'ono, koma m'makalasi anga ambiri ankachokera pa mwendo wa amayi awo n'kudzangopezeka pakati pa khwimbi la anzawo. Zonsezi zimachita kuphunzitsidwa, ndipo n'chifukwa chake ndondomeko ya maphunziro a pulaimale imene inayamba kugwira ntchito mu 2007, yokonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi, inapatula chigawo choyambirira cha Sitandade 1 kuti ana azolowere moyo wa kusukulu. Mwana akasesa bwalo ndi anzake, akamva kulira kwa limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo ija n'kuthamangira pamzere wa kalasi yake, akaima chilili poimba nyimbo ya fuko, akatambasula manja kuti aphunzitsi aone zikhadabo, amakhala akuphunzira kuti tsiku lili ndi chiyambi ndi mathero, ndiponso kuti iye ali ndi malo ake pagulupo. Zimenezi zimabwerezedwa mofanana tsiku ndi tsiku mwadala, chifukwa mwana amene akudziwa chotsatira mtima wake umakhala m'malo ndipo amatha kumvetsera, pamene amene sakudziwa maso ake amangokhala pakhomo kuyembekezera amayi ake.

Kuitana mayina anthu amakuona ngati chinthu chopepuka, koma ine ndimakulemekeza kwambiri. Ndikukumbukira kamtsikana kena kochokera m'mudzi wa asodzi kamene kanatha mwezi wathunthu osatulutsa liwu m'kalasi. Ndikaitana dzina lake kankangoweramitsa mutu n'kumakanda pansi ndi chala, anzake n'kumayankha m'malo mwake kuti, "Alipo." Sindinakakamize, ndinkangoitana dzinalo m'mawa uliwonse n'kudikira kamphindi ndisanapite pa dzina lotsatira. Tsiku lina kutatentha kwambiri kanabwera pafupi ndi tebulo langa, kanandikoka chitenje n'kunena mawu amodzi a Chiyao, "Mesi." Ndinakatungira madzi mu ndowa imene tinkaika pakhomo, ndipo popereka kapu ndinanena kuti, "Mesi, madzi." Mawa lake nditaitana dzina lake kanayankha chapansipansi kuti, "Ndilipo." Pofika teremu yachitatu kanali m'gulu la ana amene ankawerenga maphatikizo mosajejema, ngakhale kuti kope lake la teremu yoyamba linali loyera kuposa la mwana wanuyo.

Nkhani imeneyi ikukhudzanso zimene mwanena za Chiyao. Mwana wanu akusenza katundu wolemera kuposa mnzake wobadwira m'nyumba yolankhula Chichewa, chifukwa akuphunzira chilankhulo cha m'kalasi pa nthawi yomweyo imene akuphunzira kuwerenga, komanso akumva Chingelezi ngati phunziro. Chonde musasiye kumulankhula Chiyao poganiza kuti mukumuthandiza. Mwana amene amafotokoza nkhani momasuka m'chilankhulo cha makolo ake savutika kunyamula luso limenelo n'kulowa nalo m'chilankhulo china, ndipo mwayi wathu ndi wakuti Chiyao ndi Chichewa n'zapachibale: mawu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo amagawika m'maphatikizo mofanana.

Tsopano tifike pa kuimba, pamene pagona mtima wa yankho langa. Kuyambira mu 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, phunziro la Chichewa limayambira pa liwu lisanafike pa lembo. Mphunzitsi amatseka milomo n'kutulutsa liwu la m, ana n'kumutsanzira, kenako amafunsa kuti ndi mawu ati amene amayamba ndi liwu limenelo, ndipo manja amakwera: mayi, moto, mudzi, maso, mango. Pambuyo pake amawomba m'manja pogawa mawu. Ana a kunyanja ndinkawapatsa mayina a nsomba zimene amaziona tsiku ndi tsiku, moti u-si-pa ankawomba katatu, cha-mbo kawiri, ka-mpa-ngo katatu, ndipo kalasi yonse inkaseka wina akawomba kanayi. Mwana akafika kunyumba amanena kuti "tinaimba", chifukwa kwa iye zimenezi ndi nyimbo ndi masewera, koma khutu lake limakhala likuphunzira kumva kuti mawu amapangidwa ndi tizidutswa, ndipo mwana amene sanamve zimenezi amatha kuloweza tsamba lonse osatha kuwerenga liwu limodzi lachilendo. Mphunzitsi amayamba wachita yekha ana akuonerera, kenako amachitira limodzi ndi ana, ndipo pomaliza amawasiya ayese okha. Lembo limayamba kulembedwa m'malere ndi chala, kenako pamsana pa mnzake, kenako pamchenga panja, ndipo likamafika m'kope limakhala litadutsa kale m'dzanja kambirimbiri. Mizere yokhotakhota ndi tozungulira mwaona tija ndi timene timalimbitsa zala kuti zidzathe kupinda a, o ndi e.

Masamu nawonso ambiri sathera m'kope. Ana amabwera ndi zitsekero za mabotolo, timitengo tomanga ndi mphira, timiyala ndi njere za malambe, zimene kuno kwathu sizisowa, ndipo amawerenga, kuunjika ndi kugawana pansi. Aphunzitsi amaitcha njira imeneyi TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalopo. Mwana amene wagwira njere zisanu, n'kuchotsapo ziwiri, n'kuona ndi maso ake kuti zatsala zitatu, wamvetsa chinthu chimene wongokopera 5 - 2 = 3 pabolodi sanachimvetse. Pa chifukwa chimenechi masamba odzaza a mwana wa alamu anu asakusowetseni tulo. Mwina akuphunzira bwino ndithu, koma kukopera mawu si kuwerenga, ndipo njira yodziwira ndi imodzi kwa ana onse awiri, kuwalozera liwu n'kuwapempha kuti aliwerenge.

Phala sindinenapo zambiri. Bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana m'sukulu za m'dziko muno mu 2002, ndipo pali mabungwe ena komanso makolo amene amachita chimodzimodzi m'madera osiyanasiyana. Mwana wanjala amawodzera, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, phala limenelo ndi limene limadzutsa ana ambiri m'mawa. Pamzere wa phala amaphunziranso kusamba m'manja ndi kudikira anzake amene ali patsogolo.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti zonse zili bwino m'makalasi athu a ana aang'ono. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo makalasi ndi aphunzitsi sanakwanirepo. Cholinga cha Unduna wa Zamaphunziro n'chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma ine ndinakhalapo ndi ana oposa 130 atakhala pansi mothithikana, ena mpaka pakhonde. M'kalasi yotero mphunzitsi sangaone kope la mwana aliyense tsiku lililonse, ndipo mwana wofatsa wokhala kumbuyo amatha kubisala m'mawu a anzake, kumangoyasamula pakamwa gulu likamayankha, mpaka chaka kutha. Zimandiwawa kuti ana otere ndi amene amabwereza Sitandade 1 kapena kusiyira panjira, pamene vuto lawo likanaoneka msanga akanathandizidwa. Apa ndiye pamene inu mukufunika kuposa mphunzitsi wa madzulo.

Madzulo mukamakonza ndiwo, mufunseni kuti lero aphunzira liwu lanji, ndipo akakuuzani mupempheni atchule zinthu za pakhomopo zoyamba ndi liwu limenelo. Lembani a, e, i, o, u pansi ndi kamtengo, muziloza mosatsata ndondomeko, chifukwa mwana woloweza amathamanga bwino mukayambira pa a koma amaima mukalumphira pa o. Mupatseni nyemba awerengere anthu a m'nyumbamo, ndipo muzimusimbira nthano m'Chiyao n'kumupempha kuti akubwerezereni. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu n'zokwanira. Mwana amene wakhala kusukulu m'mawa n'kupita ku madrasa masana wagwira kale ntchito yokwanira pa msinkhu wake, ndipo mukamuwonjezera mphunzitsi wachitatu m'kutentha kwa Okotobala ndi Novembala kuno ku Mangochi, mudzangomudanitsa ndi pensulo. Amafunikanso kusewera ndi anzake ndi kugona msanga.

Chinthu china chimene chili m'manja mwanu ndi kufika nthawi yabwino ndi kusajomba. Ana a Sitandade 1 amaweruka msanga, choncho nthawi yawo ndi yochepa, ndipo m'mawa kukadali kozizira ndi pamene mitu yawo imagwira bwino. Malembo amaphunzitsidwa motsatana, lililonse likutsamira pa linzake, moti mwana amene wajomba masiku atatu chifukwa chotumidwa kumsika kapena kutsatira akuluakulu kudooko amapeza anzake akuphatikiza malembo amene iye sanawaonepo. Akadwala malungo, kapena mukaona magazi m'mkodzo monga zimachitikira ndi likodzo kwa ana osambira m'nyanja ndi mu Shire, thamangirani naye kuchipatala, ndipo akachira muuzeni mphunzitsi kuti amubwerezere zimene zinamudutsa.

Zilipo zizindikiro zimene ziyenera kukudetsani nkhawa. Ngati pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri mwana sakutha kuzindikira a, e, i, o, u kapena kuphatikiza ma, me, mi, mo, mu, ngati kawirikawiri amanena kuti aphunzitsi kunalibe ndipo anangosewera pansi pa mtengo, kapena ngati wayamba kulira m'mawa chifukwa choopa kukwapulidwa, pamene Unduna unaletsa kumenya ana m'sukulu, musakhale chete. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasiyo, ndipo zikapanda kusintha pitani kwa ahedi, kukomiti ya sukulu kapena kugulu la amayi a pasukulupo, ndipo pamwamba pawo pali mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu, amene timamutcha PEA, yemwe amapezeka ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoniyo amachitirako maphunziro. Muonenso ngati mwanayo amamva bwino mukamuitana muli kumbuyo kwake komanso ngati safinya maso poyang'ana patali, chifukwa ana ena amene amatchedwa ogona amangofunika kukhazikidwa kutsogolo.

Pa milungu isanu ndi iwiri yokha, zimene mwandifotokozera sizikundiopsa. Sabata ikubwerayi pitani kusukuluko ana akangoweruka, osati m'mawa pamene mphunzitsi ali pakalikiliki, mudzidziwitse kuti ndinu mayi ake a uje, mufunse malembo amene afikapo, ndipo mupemphe kuti tsiku lina mudzakhale kumbuyo kwa kalasi kwa ola limodzi. Aphunzitsi ambiri a ana aang'ono amakondwa kholo likabwera mwaulemu chotero, ndipo mwana amene kholo lake ladziwika saiwalika pakati pa anzake 100. Mukapitako mundilemberenso, mundiuze malo amene mwana wanu amakhala m'kalasimo komanso ngati pakamwa pake pamatuluka mawu anzake akamawomba m'manja.