Kwa achimwene ofunsa kodyera mu Harare

Achimwene, mwati munachoka ku Harare mu 2019 ndipo mukubwera mu Disembala ndi alamu athu, ndiye mukufunsa za malo odyera ndi mabala amene atsegulidwanso. Takulandirani pasadakhale. Dziwani kuti lokidauni ija ya Covid-19 imene inayamba pa 30 Malichi 2020 inagwetsa malo ambiri, ndipo amene adzukanso abwera ndi nkhope zina. Ine ndimati musakopeke ndi penti, yambani mwafunsa kuti akuphika ndani.

Kwathu ku Mabvuku kuno kuli kabala kena kamene kanakhala kotseka mpaka udzu kumera pakhomo. Mwana wa mwini wake ndiye anakadzutsa. Anaika sola padenga chifukwa magetsi amathimathima, anagula TV yaikulu, koma chanzeru chenicheni n'chakuti anakaitananso mayi aja ankaphika kale. Loweruka mang'ina, amene anzathu kuno amati mazondo, amakhala pamoto wa nkhuni kuyambira mbandakucha. Msuzi wake ukakhudza zala zimachita kumatirira, fupa limangovuka lokha. Tsiku limene timu ya mpira ya Dynamos ikumenyana ndi ya CAPS United simungapeze pokhala, ndipo pakona mumamva agogo ena, atagwira Chibuku, akukalipira woyimbira mpira m'Chichewa cha ku Dedza chimene anachisiya kalekale.

Kwa Mereki ku Warren Park D kukadali chimodzimodzi. Mumagula nokha nyama ku butchala, n'kupatsa amayi kuti akuwotchereni, nsima ndi tomato wodula zikubwera pambali. Kungoti madzulo phokoso la magalimoto ndi zoimbira limachuluka, ndiye alamu apite nawo masana. Ngati akufuna pokhala phee pansi pa mitengo, kuli Gava's ku Belgravia Sports Club. Kumeneko itanitsani nkhuku ya lokolo, yomwe kuno amati road runner, ndi masamba otendera. Amatendera ndi chiponde, chomwe kuno amati dovi, osati nsinjiro ngati kwathu ku Malawi, koma pakamwa sipakana.

Ku Avondale ndi ku Newlands nyumba zakale zambiri zasanduka malo odyera, matebulo pakapinga, timagetsi m'mitengo. Ena ndi abwino ndithu. Koma kwina, dzina ndisatchule, ndinadikira ola lathunthu, nsima itabwera inali ngati chibakera cha mwana, nyama yake yozizira mkati. Anyamata ojambula zithunzi za pa Facebook ndiwo anali osangalala, ine ndinakagona ndi njala.

Za ndalama, tengani madola aku America ang'onoang'ono, ma 1 ndi ma 5, chifukwa chenji chimavuta ndipo mwina angakupatseni maswiti m'malo mwake. Ndalama ya Zimbabwe yotchedwa ZiG inabwera mu Epulo 2024, EcoCash yolipirira pafoni ikugwirabe ntchito, koma funsani mtengo ndi ndalama yake musanadye.

Mukadziwa tsiku lofika mundiuze ku inbox, ndiwauze mayi aja atisungire mang'ina, chifukwa ikamakwana 11 koloko mphika umakhala wapsa kale pansi.