Marmosa murina: kanyama ka dzina la mbewa komwe si mbewa

Wowerenga wina watitumizira imelo. Akuti m'buku lina wapeza kanyama kotchedwa Marmosa murina, m'buku lina Didelphis murina, ndipo mapu osonyeza komwe kamakhala sakugwirizana. Akufunsa ngati ndi mbewa, komanso dzina loona ndi liti. Zikomo pofunsa, ndipo musadandaule, mabuku onsewo akunena kanyama kamodzi.

Ukakaona pachithunzi ungalumbire kuti ndi mbewa: thupi la masentimita 11 mpaka 14, makutu opyapyala, mchira wautali kuposa thupi. Koma katsegulireni kukamwa. Mbewa ili ndi mano 16 okha, akutsogolo awiri pamwamba ndi awiri pansi, kenako mpata wopanda mano. Marmosa ali ndi mano 50: akutsogolo 10 pamwamba ndi 8 pansi, osongoka ngati a galu 4, ndi otafunira 28. Yang'ananinso phazi lakumbuyo. Chala chachikulu chilibe chikhadabo ndipo chimagwira nthambi monga dzanja la munthu. Mchiranso umakulunga nthambi, ndipo kuzungulira maso kuli mabala akuda.

Kanyamaka ndi ka banja la Didelphidae, ma opossum a ku America, achibale akutali a kangaroo. Ana amabadwa osakhwima, nakakamira mawere a mayi mpaka atakula. Apa ambiri amasokonezeka chifukwa amafunafuna thumba la pamimba longa la kangaroo. Marmosa alibe thumbalo. Ana amangolendewera poyera pamimba, ndipo akakulirapo amabelekedwa kumsana.

Tsono nkhani ya mayina. Carl Linnaeus, katswiri wa zachilengedwe wa ku Sweden, adakalemba mu 1758 monga Didelphis murina, popeza nthawiyo ma opossum onse ankaikidwa m'gulu limodzi. Mawu oti murina ndi a Chilatini, otanthauza chofanana ndi mbewa. Iye adalembanso kuti kamapezeka ku Asia ndi ku America, pomwe ku Asia kulibe. Oldfield Thomas ndiye adakonza zimenezi mu 1911 pokhazikitsa dziko la Suriname, ku South America, monga kochokera nyama yomwe dzinalo limaimira. Gulu la Marmosa adalitchula ndi John Edward Gray mu 1821, ndipo murina ndiye mtundu woyezerapo gululo. Ichi n'chofunika kwambiri: ngakhale gululi aligawe kangati, dzina la Marmosa limatsala komwe kuli murina.

Kuligawa adaligawadi. Mu 1933 George Tate adasonkhanitsa tinyama tonse totere m'gulu la Marmosa, naligawa m'timagulu 5. Patapita zaka, akatswiri adaona kuti kufanana kwa maonekedwe sikutanthauza ubale wapafupi, ndipo tinyama tina tidachotsedwa m'gululi n'kuima patokha m'magulu a Thylamys, Marmosops ndi Micoureus. Mu 1989 Alfred Gardner ndi Ken Creighton adawonjezera gulu la Gracilinanus. Kenako mu 2009 Robert Voss ndi Sharon Jansa, atayeza DNA, adabweza Micoureus mkati mwa Marmosa chifukwa adapezeka kuti ndi nthambi ya mtengo womwewo. Ife tikuona kuti adachita bwino, pakuti dzina liyenera kutsata ubale weniweni, ngakhale zitatanthauza kulembanso zikwangwani za m'nyumba zosungira nyama.

Kusiyana kwa mapu kukuchokera pomwepa. Mabuku akale amapatsa murina dera lalikulu, kuyambira ku Colombia ndi Venezuela mpaka ku Peru, Bolivia ndi Brazil. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2010 adasonyeza kuti m'dzina limodzilo munabisala mitundu ingapo. Ya kumpoto chakumadzulo kwa Amazon tsopano ndi Marmosa waterhousei, ya kumwera chakumadzulo ndi Marmosa macrotarsus. Murina weniweni watsala ku Guyana, Suriname, French Guiana, mbali ya Venezuela, kumpoto ndi kummawa kwa Brazil, ndi pachilumba cha Tobago. Amakonda nkhalango zachinyezi, amayenda usiku, ndipo amadya tizilombo ndi zipatso, nthochi zomwe.

Mukamalemba, yambani mwaona chaka chomwe buku lidasindikizidwa, ndipo musasakanize mapu akale ndi mayina atsopano. Dzina lonse lembani motere: Marmosa murina (Linnaeus, 1758). Mabulaketiwo si okometsera. Amasonyeza kuti Linnaeus adaika kanyamaka m'gulu lina, osati lomwe kalimo lero.