Kodi 1,000,001 ndi nambala ya prime?

Bambo wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wayesa kugawa 1,000,001 ndi 3, 7, 11 ndi 13, koma paliponse ikutsala 2. Akufunsa ngati nambalayi ndi prime, ndiye kuti yogawika ndi 1 komanso iyo yokha basi.

Bambo, yankho ndi lakuti ayi, ngakhale mwanayo sanalakwitse pena paliponse. 2 wotsalayo ali ndi chifukwa chake. Chotsani 2 pa 1,000,001, mupeza 999,999, yomwe ndi 3 × 3 × 3 × 7 × 11 × 13 × 37. Manambala onse amene iye anayesa amalowa ndendende mu 999,999, n'chifukwa chake 2 ankangobwerabwera. Akanayesa 37 zikanakhala chimodzimodzi.

Akanapirira akanafika. Sipafunika kupitirira 1,000, popeza 1,000 × 1,000 ndi miliyoni kale, ndipo ma prime osafika 1,000 alipo 168. Wogawa woyamba ndi 101, amene ndi prime wa nambala 26 pamndandanda. Choncho 1,000,001 = 101 × 9,901, ndipo 9,901 nayenso ndi prime.

Koma chimene ndikufunitsitsa mumuonetse mwanayo si kupirira ayi. Ayambe wayang'ana kaye kapangidwe ka nambala asanagwire kalkuleta. Miliyoni ndi 100 × 100 × 100. Nambala iliyonse mukaichulukitsa katatu chonchi n'kuwonjezera 1, yankho limagawika ndi nambala yoyamba ija kuphatikiza 1. Ayese ndi zing'onozing'ono: 2 × 2 × 2 + 1 ndi 9, ndipo 3 amalowa. 3 × 3 × 3 + 1 ndi 28, ndipo 4 amalowa. Kwa 100 ndiye 101 uja. Ineyo njira imeneyi imandikomera kwambiri, chifukwa mwana amaona yekha chifukwa chake, osangolandira yankho.

Pali umboni winanso. 1,000,001 ndi 1,000 × 1,000 + 1 × 1, komanso ndi 980 × 980 + 199 × 199. Nambala ya prime singalembedwe motere, pophatikiza manambala awiri amene iliyonse yachulukitsidwa ndi iyo yomwe, m'njira ziwiri zosiyana. Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland wa m'zaka za m'ma 1700, anagwiritsa ntchito mfundo yomweyi posonyeza kuti 1,000,009 si prime.

Za gulu lake, 1,000,001 ndi semiprime, poti yapangidwa ndi ma prime awiri okha. Oigawa alipo anayi: 1, 101, 9,901 ndi iyo mwini. Atatu oyambawo mukawaphatikiza mupeza 10,003, kuchepa kutalitali poyerekeza ndi mwiniwake, motero ili m'gulu la manambala operewera, otchedwa deficient. Imawerengeka mofanana kuyambira kumanzere kapena kumanja, koma izi n'za kalembedwe chabe.

Ngati mwanayo akufuna prime yeniyeni pafupi pomwepo, asunthe pang'ono: 1,000,003 ndiye woyamba mukangodutsa miliyoni.