Yankho kwa mayi a ku Namwera pa zaluso kusukulu

Mayi, mwafunsa kuti ana aziphunzira chiyani kwenikweni pa phunziro la Expressive Arts, poti wanu wa Sitandade 6 amangobwera ndi manotsi. Vuto lagona pomwepo. Mwana amaloweza kuti ng'oma ndi chiyani koma sanaigwirepo.

Ine ndikanayambira pa zomwe tili nazo kuno ku Mangochi. Beni aziphunzira kuvina, komanso adziwe kuti gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake ovina amavala ngati asilikali ndipo pamakhala wolamula ndi wenzulo. Apo mwana waphunzira mbiri, kayendedwe ka mapazi ndi kumvera ng'oma nthawi imodzi. Manganje nawonso, ngakhale pamenepo aphunzitsi azifunsa kaye akuluakulu, poti zina n'za kuchinamwali.

Chachiwiri ndi ntchito zamanja. Mlaza tili nawo wambiri. Mikeka, zipewa ndi madengu zomwe zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay amaluka ndi anthu a m'midzi mwathu momwemu, ndiye bwanji osaitana agogo mmodzi adzaphunzitse kalasi? Mwana aphunzirenso kuwerengera mtengo wa chomwe walukacho.

Kujambula kusakhale kokopera pabolodi ayi. Apite panja akajambule bwato kapena mlambe akuuona ndi maso. Pepala likasowa, makala ndi katoni zimakwana.

Sukulu zoyandikira paboma zikhoza kupita ndi ana ku Lake Malawi Museum, n'kuyenda wapansi chabe.