Yankho kwa achimwene a ku Moatize pa za hotela zokhala ndi bwalo la tenisi

Achimwene, mwafunsa kuti popeza ntchito ya ku mgodi ikukutumizani ku Maputo ndi ku Johannesburg, mwinanso ku Dubai kumayambiriro kwa chaka, ndi hotela ziti zapamwamba zomwe munthu angagonemo n'kumasewera tenisi m'mawa asanalowe m'misonkhano. Anzathu ena akupatsani kale mayina a hotela ndipo sindikuwatsutsa, koma ndikufuna mudziwe kuti nyenyezi zisanu za hotela sizikulonjezani kuti mudzagwira raketi. Mumzinda waukulu mlendo amasewera ngati wagona pafupi ndi kalabu yomwe anthu amasewerako tsiku ndi tsiku, choncho muyambe mwapeza kalabuyo, kenako musankhe hotela yabwino yoyandikana nayo.

Nkhani yagona pa malo. Mizere ya bwalo la tenisi imatenga mamita 23.77 m'litali ndi mamita 10.97 m'lifupi, koma wosewera amafunanso pothamangira kumbuyo ndi m'mbali, kotero kuti bwalo loyenera limadya pafupifupi mamita 36 m'litali ndi 18 m'lifupi. Pakati pa Sandton, dera la zamalonda la ku Johannesburg, kapena m'mbali mwa nyanja ku Maputo, mwini hotela akayang'ana malo aakulu chotero amaona zipinda zogonamo, holo ya misonkhano kapena poimika magalimoto, zomwe zimam'bweretsera ndalama tsiku lililonse, pomwe bwalo limagwiritsidwa ntchito ndi anthu awiri kapena anayi pa ola. N'chifukwa chake nyumba zazitali zatsopano zimakhala ndi dziwe losambiramo ndi chipinda cholimbitsiramo thupi, koma bwalo ayi. Zimene zili ndi mabwalo awoawo nthawi zambiri ndi hotela zakale zomangidwa m'minda ikuluikulu, monga Mount Nelson ya ku Cape Town, yomwe inatsegulidwa m'chaka cha 1899, kapena zomwe zili kunja kwa mzinda, kutali ndi maofesi amene mukupitako.

Musakhulupirire msanga kachithunzi ka raketi komwe kamaoneka pa masamba osungitsirapo zipinda pa intaneti. Nthawi zina kamatanthauza tebulo la tenisi yapatebulo loikidwa pakhonde, nthawi zina bwalo la anthu ena lomwe lili makilomita angapo kuchokera pa hotelayo, ndipo masiku ano kawirikawiri kamatanthauza padel. Padel ndi masewera okoma, koma bwalo lake ndi la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, lozunguliridwa ndi magalasi ndi waya, ndipo chomenyera chake chilibe zingwe. Raketi yanu kumeneko ilibe ntchito. Hotela zambiri zikukonda padel chifukwa imakwana pamalo ochepa, ngakhale padenga.

Ku Maputo musavutike n'kufufuza kwambiri. Mtima wa tenisi mumzindawu uli ku Jardim Tunduru, munda wakale wa mitengo womwe uli ku Baixa, kumene kuli mabwalo olimba a Clube de Ténis de Maputo ndipo mipikisano yokhala ndi osewera a mayiko ena imachitikira komweko. Kumeneko mudzapeza aphunzitsi, achinyamata omenya bwino komanso achikulire obwera m'mawa asanapite kuntchito. Ngati kampani ikulipirirani malo apamwamba, Polana Serena ya pa Avenida Julius Nyerere, yomwe yakhala ikulandira alendo kuyambira 1922 ndipo imayang'ana kunyanja, ili pamtunda woti takisi ikufikitsani ku Tunduru m'mphindi zochepa ngati mwanyamuka magalimoto asanachuluke pamsewu. Hotela za ku Baixa komweko n'zoyandikira koposa, ndipo za pa Avenida Marginal zili patali pang'ono. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha pakati pa zimenezi poona komwe misonkhano ikuchitikira, bwalo n'kulisiya kukhala la ku Tunduru. Kutentha kwa ku Maputo sikudzakuopsani inu ozolowera dzuwa la m'chigwa cha Zambezi, koma mpweya wake ndi wachinyezi, thukuta silimauma msanga ndipo chogwirira cha raketi chimaterera m'manja. Tengani nsalu zomata pachogwirira zingapo ndi malaya osinthira.

Johannesburg ndiye ndikufuna kuikhalira pansi, chifukwa kumeneko n'kumene wosewera wochokera ku Tete kapena ku Moatize amadabwa. Mzinda wa Tete uli pansi kwambiri, mamita osakwana 200 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Pamwamba potero mpweya ndi wopepuka, sugwira mpira ngati mmene umachitira kunsi kuno, ndiye mpira umathamanga kwambiri, umadumpha m'mwamba ukagunda pansi, ndipo kupota komwe mumadalira kuti mpira ugwere mkati sikuugwetsa msanga. Mipira imene kwanu imagwera mkati mwa mzere wakumbuyo, kumeneko imatuluka ndi mita yathunthu, ndipo munthu amayamba kudzikayikira pomwe dzanja lake silinasinthe. Abale athu a ku Ulongué ndi ku Tsangano, amene amakhala kumapiri, chifuwa chawo chinazolowera kale mpweya wotere, koma inu mudzamva kupuma kukuthamanga pakangotha mphindi zochepa.

Njira zake zilipo. Malamulo a bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse, la ITF, amalola mipira yapadera yosewerera pamalo okwera kuposa mamita 1,219, ndipo mipira yotere imapezeka m'masitolo a zamasewera ku Johannesburg komweko. Musanyamule chitini cha mipira kuchokera ku Maputo. Gulani mukafika ndipo muuzeni wogulitsa kuti mukufuna ya pamalo okwera. Ngati muli ndi maraketi awiri, imodzi ikokedwe zingwe molimba pang'ono kuposa mmene mumachitira, pakuti zingwe zolimba zimachepetsa mphamvu yomwe mpira umachoka nayo. Tsiku loyamba musavomere mpikisano wowerenga zigoli, mungomenyerana ndi mnzanu modekha kuti diso ndi mapapo zizolowere, ndipo muzimwa madzi ngakhale musanamve ludzu chifukwa mpweya wakumeneko ndi wouma.

Pa za malo ogona, yang'anani dera la Illovo, Rosebank ndi Sandton. Ku Illovo kuli Wanderers Club, kalabu yakale yokhala ndi mabwalo a tenisi, ndipo pafupi pomwepo pali hotela ya Protea yotchedwa ndi dzina la Wanderers lomwelo. Si yapamwamba kopambana zonse mumzindawu, koma kwa munthu wofuna kusewera ndiiona yoyenera kuposa nyumba yonyezimira yomwe ilibe bwalo pafupi. Ngati udindo wanu ukufuna hotela ya nyenyezi zisanu, zilipo zambiri ku Sandton ndi ku Rosebank, madera onse awiri ali ndi siteshoni ya Gautrain, sitima yomwe inayamba kuyenda m'chaka cha 2010 ndipo imalumikiza Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo kuchokera kumeneko kupita ku Illovo ndi ulendo waufupi pa galimoto. Kalabu yotere ndi ya mamembala, choncho mufunse mwa kalata ngati mlendo amaloledwa kusewera komanso malipiro ake. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kugwa masana, ndipo ziphaliwali zakumeneko n'zoopsa, moti mukamva kugunda mutuluke m'bwalo nthawi yomweyo. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu, kotero nyengo imeneyo kusewera masana ndiko kwabwino.

Za Dubai ndinena mwachidule. Creekside Hotel, yomwe kale inkatchedwa Jumeirah Creekside, ya ku Garhoud pafupi ndi bwalo la ndege, ili moyandikana ndi Aviation Club ndi bwalo lomwe kumachitikira mpikisano wa Dubai Duty Free Tennis Championships, womwe unayamba mu 1993 ndipo umachitika cha mu Febuluwale. Ulendo wanu ukagwera nthawi imeneyo mudzaonera akatswiri apadziko lonse, koma zipinda zimatha msanga ndipo mabwalo amatanganidwa ndi mpikisanowo, ndiye musungitse malo nthawi ikadalipo.

Hotela iliyonse yomwe ikunena kuti ili ndi bwalo, ilembereni musanalipire, ndipo yankho likhale lolembedwa osati la pafoni. Afunseni ngati bwalolo lili mkati mwa mpanda wawo, ngati likugwira ntchito sabata imene mukubwerayo, komanso ngati pansi pake ndi polimba kapena pa dothi lofiira, popeza nsapato zake zimasiyana ndipo malo ambiri salola nsapato zosiya zizindikiro zakuda. Pemphani chithunzi chojambulidwa posachedwa, muone ming'alu ndi ukonde, womwe pakati uyenera kukhala wokwera mamita 0.914. Funsani za magetsi, chifukwa munthu wa misonkhano amapeza mpata dzuwa lisanatuluke kapena litalowa, ndipo bwalo lopanda magetsi kwa inu n'chimodzimodzi ndi mjigo wopanda chogwirira. Mudziwenso ngati ola la pabwalo ndi la magetsi zili mkati mwa mtengo wa chipinda. Ngati zili padera, pemphani lisiti yapadera, kuti ku ofesi ya zachuma kuntchito kwanu pasadzakhale mafunso pa ndalama zomwe munayenera kulipira nokha.

Pa katundu, funsani kampani ya ndege ngati imalola raketi kulowa nayo m'ndege, pakuti malamulo amasiyana, ndipo ikapita ndi masutikesi muiike pakati pa zovala. Popita ku bwalo la ndege la Chingodzi musaisiye m'galimoto yotsekedwa padzuwa, chifukwa kutentha kwathu kuno, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumafewetsa zingwe.

Chinthu chomwe alendo ambiri amaiwala ndi munthu wosewera naye. Hotela ikhoza kukupatsani bwalo loyera bwino ndi madzi ozizira, inu n'kukhala nokha mbali imodzi ya ukonde. Pa chifukwa chimenechi lemberani mphunzitsi wa pakalabu sabata imodzi musananyamuke, mumuuze masiku ndi maola amene mudzakhale ndi mpata, mufotokoze moona zaka zomwe mwasewera ndi msinkhu wa kasewero kanu, ndipo mugwirizane mtengo wa pa ola, kaya ndi ma meticais ku Maputo kapena ma rand ku Johannesburg. Mukadzikweza adzakupatsani mnyamata wa mipikisano yemwe simudzaubweza mpira wake, mukadzichepetsa mopitirira adzakupatsani wongoyamba kumene. Masiku a ulendo wa ku Maputo akadziwika, alembeni pagulu pano, chifukwa tili ndi abale ochokera ku Angónia ndi ku Moatize amene akugwira ntchito kumeneko, ndipo pakati pawo mukhoza kupeza woti mukumane naye ku Tunduru 6 koloko m'mawa.