Masupuni a agogo: ndi siliva weniweni?

Funso: Agogo anga aamuna anali khukhi wa mzungu wina ku Zomba nthawi ya atsamunda. Pobwerera kwawo, bwanayo anawasiyira masupuni anayi. Imodzi ili ndi tizidindo kumbuyo kwa chogwirira: mkango, nangula, mutu wa mayi, chilembo chimodzi pachokha, ndi zilembo ziwiri zogundana. Atatu enawo analembedwa EPNS. Onse ada bii. Kodi ndi siliva? Nanga ndi a liti? — Mayi wa ku Chinamwali

Yankho: Mayi, choyamba ndikupempheni: musawakweche ndi mchenga, phulusa kapena sitilowaya ngati mapoto. Mudzafufuta tizidindoto, pamene mbiri yonse ya supuniyo ili momwemo. Kudako si vuto, siliva amatero akakhalitsa. Madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa, basi.

Atatu a EPNS aja si siliva yense. Ndi chitsulo chosakaniza mkuwa, nickel ndi zinc, chokutidwa ndi siliva wopyapyala pogwiritsa ntchito magetsi, luso lomwe kampani ya Elkington ya ku Birmingham inalembetsa mu 1840. Muzimwera phala mosangalala, koma mtengo wake ndi wochepa.

Yachinayiyo ndiyo yandikoka mtima. Ku England, mkango woyenda utakweza phazi limodzi lakutsogolo unayamba kudindidwa mu 1544, ndipo umatsimikiza kuti pa magawo 1000 alionse, 925 ndi siliva. Nangula akunena kumene anayeza ngati silivayo ndi weniweni: ofesi ya ku Birmingham, yomwe inatsegulidwa mu 1773. Akanakhala mutu wa kambuku tikanati London, chisoti chachifumu tikanati Sheffield.

Tsono mutu wa mayi uja. Kuyambira 1784 mpaka 1890 ankadinda mutu wa mfumu posonyeza kuti msonkho waperekedwa, ndipo mkazi yekha amene analamulira m'zaka zimenezo ndi Mfumukazi Victoria, yemwe analowa ufumu mu 1837. Ndiye supuni yanuyi inayezedwa pakati pa 1837 ndi 1890. Pamene inkafika m'manja mwa agogo anu inali kale nkhalamba.

Chaka chenicheni chili pa chilembo chapachokhacho. Chaka chilichonse chinali ndi chilembo chake, zikatha n'kuyambiranso, koma atasintha kalembedwe ndi kabwalo kozungulira chilembocho. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: "k" wamng'ono ndi "K" wamkulu akhoza kutalikirana zaka zoposa 20. Jambulani ndi foni pafupi kwambiri, panja pa mthunzi, n'kufanizira ndi mndandanda wa Birmingham wokha, poti nthawiyo mzinda uliwonse unali ndi wake.

Zilembo ziwirizo ndi zoyamba za dzina la amene anapereka supuniyo kuti iyezedwe. Kawirikawiri ndi wosula, ngakhale nthawi zina amakhala mwini sitolo yogulitsa. Munthu akabwera ndi sikelo kuti agule poyeza kulemera, mukane kaye mpaka mwinidzinayo adziwike, chifukwa supuni ya mmisiri wodziwika imaposa mtengo wa siliva wake. Titumizireni chithunzicho tikuthandizeni kuwerenga.