Za China ndi mankhwala a shuga

Achimwene, mwafunsa ziwiri: ngati China ikadali yachikomyunizimu, komanso ngati n'zoona kuti kumeneko apeza mankhwala ochiziratu shuga. Ndiyambe ndi za shuga, chifukwa mayi anga amadzibaya insulin m'mawa ndi madzulo, ndiye nkhaniyi ndinaitsatira ndi mtima wonse.

Si bodza ayi, kungoti pa WhatsApp aikokomeza. Madokotala a mumzinda wa Tianjin ku China, mothandizana ndi gulu la Deng Hongkui wa ku Peking University, anatenga maselo a m'mafuta a m'thupi mwa mtsikana wa zaka 25 wodwala shuga ya mtundu woyamba, n'kuwasandutsa maselo opanga insulin ngati aja a m'kapamba. Mu June 2023 anamubaya maselowo m'minofu ya pamimba. Patatha masiku 75 anasiya jakisoni, ndipo chaka chinatha asanabayenso. Ku Shanghai nakonso bambo wa zaka 59, wa shuga ya mtundu wachiwiri, anamuika maselo mu 2021 ndipo anasiya insulin patatha masabata 11.

Koma tamverani apa. Mtsikanayu anali atamuika kale chiwindi cha munthu wina, choncho ankamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Shuga ya mtundu woyamba imayamba chitetezocho chikamapha maselo opanga insulin, ndiye kwa munthu wosamwa mankhwala amenewa chikhoza kuukiranso maselo atsopanowo. Komanso awa ndi anthu owerengeka, ndipo ntchitoyi ikadali yoyesera. Sinafike poikidwa m'botolo. Wina akakuuzani kuti ali ndi tiyi kapena makapisozi a ku China ochiza shuga, akufuna ndalama zanu basi. Chonde wodwala wanu asasiye jakisoni kapena mapiritsi a shuga a metformin chifukwa cha kanema wa pafoni.

Tsopano za ndale. Chipani cha chikomyunizimu chikulamula chokha kuyambira 1949, koma mu 1978 mtsogoleri wa dzikolo Deng Xiaoping anatsegula chitseko cha malonda. Mzinda wa Shenzhen anausandutsa dera lapadera la mabizinesi mu 1980, msika wa masheya wa ku Shanghai unatsegulidwa mu 1990, ndipo mu 2001 dzikolo linalowa m'bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO. Lero kuli ampondamatiki, kuli aganyu, kuli olemera ndi osaukitsitsa. Mabungwe a anthu apantchito oima paokha saloledwa n'komwe, m'dziko lomwe limati ndi la apantchito. Mukati chimenecho ndi chikapitalizimu, sindikutsutsani.

Chikhalirecho ine sindinena kuti n'chimodzimodzi ndi America. Ku China malo onse ndi a boma kapena a midzi. Mukagula nyumba m'tauni, malowo mwangobwereka kwa zaka 70. Mabanki akuluakulu ndi a boma. Jack Ma, yemwe anayambitsa kampani ya malonda a pa intaneti ya Alibaba, ndi membala wa chipani, koma atadzudzula oyang'anira zachuma mu 2020, boma linaimitsa kugulitsa masheya a kampani yake ina ya Ant Group kutangotsala masiku awiri kuti alowe pamsika. Kwa ine, ngolo ndi ya amalonda, koma chingwe cha ng'ombe chili m'manja mwa chipani.

Pomwe mafunso anu awiriwa akukumana ndi pa mtengo. Kumapeto kwa 2021 boma la China linaphatikiza insulin yofunika m'zipatala zake n'kuuza makampani opanga insulin, kuphatikizapo Novo Nordisk, Sanofi ndi Eli Lilly, kuti apikisane. Mtengo unatsika pafupifupi ndi theka. Zimenezi zimandikhudza kuposa za maselo zija, chifukwa zimathandiza wodwala lero lomwe.

Mayi anga alibe firiji. Kabotolo kawo amakaika m'kachitini, n'kukakwirira mumchenga wonyowa mumtsuko, kuseri kwa chitseko komwe sikufika dzuwa. Mwezi ukamatha amakapendeka pawindo kuti aone madontho otsala, n'kuwerengera ngati angafike tsiku la kuchipatala. Maselo a ku Tianjin ndikuwadikira ndithu, koma mwezi uno chomwe ndikufuna n'chakuti akapita kuchipatala akapeze insulin ilipo.